Pansi pa Desiki ya Pawindo

Mayi Tsache anali akukolopa m'kalasi ya ana aang'ono pamene anaona mwana wawo akudutsa pawindo, chikwama chili kumsana, dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe. Dzina la Tsache anawapatsa ndi ana asukulu, poti anayamba kalekale kusesa pasukulupo, ndipo iwo anasiya kale kulikana. Anasiya chikolopa m'ndowa n'kutuluka.

Mtsikanayo, mwana wawo yekhayo, anaima maso ali pansi. Anati aphunzitsi a masamu amupeza akutafuna chingamu, ndipo ahedi amuuza kuti apite kunyumba, adzabwere teremu ya mawa. Mayeso omaliza chaka ankayamba Lolemba. Wosalemba ankabwereza kalasi, ndipo iyeyu anali atabwereza kale chaka chomwe bambo ake anamwalira. Ananenetsa nthawi imeneyo kuti akadzabwerezanso, sukulu idzathera pomwepo, ndipo sanali mwana wolankhula zocheza.

Chimene chinawapweteka mayiwo koposa n'chakuti lamulolo analipempha ndi iwo omwe. Zaka zonsezi ankagwada ndi kampeni kupala chingamu chimene ana ankamata pansi pa madesiki, china chouma gwa, china chidakali chonyowa ndi malovu. Maondo anayamba kutupa. Tsiku lina, zitawakwana, anadzaza zopalazo m'chitini n'kukachiika patebulo la ahedi. Ahediwo ananyansidwa, ndipo analengeza kuti wopezeka ndi chingamu azipita kwawo mpaka teremu ithe. Anyamata awiri atathamangitsidwa, Mayi Tsache anati akhaula, ndipo tsiku limenelo anasesa akuimba.

Kunyumba sanamukalipire msanga. Anakhala pampando, n'kuvula nsapato, n'kumufunsa ngati sankadziwa kuti amake ndi ndani pasukulupo.

"Ndimadziwa, amayi."

"Nanga nkhope yanga ndiika kuti? Anthu aziti wosesa akuthamangitsitsa ana a eni, wake akubzikula ngati mbuzi."

Mtsikanayo anakoka mlomo wam'munsi ndi zala n'kuwaonetsa m'kati mwake. Munali zilonda, zina zakale, zina zofiira. Kenako anafotokoza pang'onopang'ono kuti chichitikire maliro a bambo ake, akati atsegule buku maganizo amabalalika. Mzere umodzi amaubwereza kambirimbiri osamvapo kanthu, ndipo amazindikira atadziluma mpaka kulawa magazi. Mnzake wina ndiye anamupatsa chingamu tsiku lina m'kalasi.

"Nsagwada zikamayenda, mutu umakhala pamodzi," anatero. "Sindikuti chimandipatsa nzeru, amayi. Chimangondikhazika pansi kuti ndimalize funso. Lamulo litabwera ndinayesa kusiya, ndiye zake ndi zimene mwaonazi."

Mayiwo anagwidwa ndi manyazi, ndipo manyaziwo anaposa mkwiyo. Yunifolomu ya mwanayu ankaichapa sabata ndi sabata, n'kumamukalipira chifukwa cha timapepala topindapinda timene ankatipeza m'thumba, akumati mtsikana wamkulu sasunga zinyalala. Thumba ankalipisa mosaphonya, koma m'kamwa mwa mwana wawo anali asanayang'anemo.

M'mawa mwake anagogoda pachitseko cha ahedi asanagwire tsache. Ahediwo sanali munthu wankhanza. Anawapatsa mpando, anamvetsera zonse, n'kuvula magalasi. Anati nkhani ya chingamuyi aphunzitsi awo omwe amakangana nayo: ena amati chimathandizadi mwana kuika mtima pa zimene akuwerenga, ena amati chimathandiza kanthawi kochepa chabe, ena amati ndi mwano basi. Iwo sankadziwa amene akulondola. Chimene ankadziwa n'chakuti mtsikanayu masamu ake anakwera chaka chino, ndipo zikanawamvetsa chisoni kumutaya.

"Koma lamuloli ndi lanu, mayi," anatero. "Ndikakhululukira wanu yekhayu, makolo a anyamata aja ndikawauza chiyani? Njira ndi imodzi: ndilichotse kwa onse, anyamatawo abwerenso adzalembe. Ndiye mukudziwa chimene chibwerere pansi pa madesiki, ndipo wina woti azipala ndilibe."

Mayi Tsache anayang'ana maondo awo. Anali atangoyamba kuphwa, moti masitepe a ku ofesi ankakwera osagwira khoma. Anakumbukira mayi wa mmodzi wa anyamata aja ataima pageti, akupempha mlonda kuti amulowetse, iwo n'kumulambalala ngati sanamuone.

"Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe," anatero motsitsa mawu. "Aitaneni anyamatawo, bwana."

"Nanga maondowo?"

"Maondo ndi anga. Ndidziwa chochita nawo."

Lolemba mtsikanayo analemba mayeso, ndipo anyamata aja analemba nawo. Ana ataweruka, Mayi Tsache anatenga kampeni kawo kuseri kwa matsache, kumene anakaponya poganiza kuti sadzakagwiranso. Anatenganso chidutswa cha katoni chogwadira n'kulowa m'kalasi ya mwana wawo, momwe munalembedwa mayeso.

Ana sachedwa kumva kuti lamulo lafa. Pansi pa desiki yoyamba panali chingamu, pa yotsatira panali china pamwamba pa zipsera zakale. Mayiwo ankapala, n'kukoka katoni, n'kupalanso, maondo akubaya. Sanatukwane munthu.

Atafika pa desiki ya pawindo, imene mwana wawo anakhalapo chaka chonse, anakweza kampeni n'kusuzumira. Thabwa linali loyera. Anapapasa ndi dzanja m'makona monse, koma panalibe ngakhale chipsera cha kale. Apo ndi pomwe anazindikira za timapepala tija. Mwana amene ankamukalipira chifukwa cha zinyalala za m'thumba ankakulunga chingamu chake n'kupita nacho kunyumba tsiku ndi tsiku, chifukwa ankadziwa mwini maondo ogwada pansi apa.

Anakhala chogwada pomwepo kanthawi, kampeni kali pansi, misozi ikugwera pa katoni. Kenako anapukuta maso ndi mkono, anatola kampeni, n'kukokera katoniyo ku desiki yotsatira.