Armindo ndi Kapampu ka ku Chipatala

Munthu wochokera ku shifiti ya usiku sakhala munthu wathunthu mpaka atagona. Amayenda, amayankha moni, koma theka la mutu limakhala lidakali pansi pa nthaka. Ndi mmene analili Armindo m'mawa wina m'chaka cha 1996, potsika thekisi ku Tlhabane, komboni ya m'dziko la eni kumene anapita kukagwira ntchito, fumbi la mgodi lili m'makutu, maso akuona bedi lokha.

Bedi analipeza, koma pakati pake panali Neide, mwana wawo wongoyamba kukwawa, ali lefu ngati nsanza yonyowa. Mkazi wake Imelda anali atavala kale nsapato za kutchalitchi, ndipo nsapato zimenezo zikavalidwa Lachiwiri sizitanthauza zabwino.

"Musavule, bambo a Neide. Tiyeni."

Mwana anali atayamba kudwala dzulo lake. Ankalira mokuwa, akukokera miyendo pamimba, kenaka n'kukhala zii ngati waiwala. Ukangoti zatha, ayambirenso. Bere akayamwa, asanze. Imelda anatambasula thewera, ndipo Armindo anaona zofiira zonanda ngati jamu wa pabuledi. Tulo tinabwerera pambuyo pang'ono.

Ku chipatala cha boma anamuika Neide diripi n'kumujambula. Dokotala anali mnyamata wa ndevu zongoyesera. Anasisita kamimba n'kunena kuti m'katimo muli chotupa chotalika ngati soseji. Zina zonse anamasulira Sisita Mercy, nesi wonenepa bwino wobadwira konkuno, mwana wa mtchona wa ku Dedza. Chichewa chake chinali ngati jekete losiyidwa ndi bambo: chachikulu m'mapewa koma chofunda.

"Achimwene, munavulapo sokosi mothamanga, n'kulowa yokha m'kati mwake? Ndi zimene achita matumbo a mwanayu. Thumbo lameza linzake. Chakudya sichidutsa, magazinso akuvutika kufika. Tikachedwa, mbali yomezedwayo ifa."

"Ndiye mum'ng'amba?" anafunsa Imelda.

"Mpeni uli pafupi, koma tiyambe tayesa mpweya. Tilowetsa kapayipi kumalo kotulukira chimbudzi, tipope pang'onopang'ono, mpweyawo ukankhe thumbo libwerere kwawo."

Armindo anaimirira. Iye anali munthu woseka ndi aliyense, woti angakugulitseni nsapato ya kumanzere yokhayokha inu n'kuthokoza, koma apa nkhope inauma.

"Mpweya ayi. Ng'ambani."

Dokotala anayang'ana nesi. Makolo ambiri amagwada kupempha kuti mpeni usagwire mwana. Uyu anali woyamba kuuitanitsa.

Chimene sankadziwa n'chakuti Armindo ankagwira makina obowolera mwala, ndipo makinawo amadya mpweya wa kompulesa wobwera m'payipi yaikulu ngati mkono. Anali ndi mnzake Goodwell wa ku Chipata, katswiri wovina, yemwe ankavina ngakhale m'kheji yotsikira pansi. Tsiku lina Goodwell atawerama kuvala gambutsi, anyamata ena ofuna kuseka anamulozetsa payipi ija kumbuyo, pamwamba pa ovolosi. Sizinatenge nthawi yoti munthu n'kumeza malovu. Mimba inafufuma ngati ng'oma, matumbo anaphulika, ndipo Goodwell anabwerera ku Chipata m'bokosi. Armindo ndi amene anagwira machira kumutu.

Anafotokoza zimenezi mosakaniza Chinyanja ndi Fanakalo, chilankhulo cha m'migodi. Sisita Mercy anasiya kumwetulira. Anatuluka, nabwerera ndi kapampu kakuda kokwana m'chikhatho, kofanana ndi kamene amapimira kuthamanga kwa magazi, kali ndi kawotchi kake.

Imelda anakalanda. Anakapenda uku ndi uku, kenaka anakaika pakhutu pa mwamuna wake n'kufinya. Kanangoti fuu, ngati mwana akuzimitsa kandulo n'kulephera.

"Uwu ndi mpweya umene mukuuopa, bambo a Neide? Inu mukagona mutadya nyemba mumatulutsa woposa apa. Bulangeti limachita kukwera lokha."

Sisita Mercy anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

"Mayi a Neide, ino si nthawi yoti muzindivula pagulu."

"Nanga nthawi yake ndi iti? Mwana akutha, inu mukulimbana ndi malemu."

Armindo anatenga kapampu kaja, nakafinyira pachikhatho chake chokakala. Sanamve n'komwe. Anafunsa ngati thumbo silingaphulikebe. Dokotala sananame. Anati zimachitika koma mwa apo ndi apo, n'chifukwa chake pali kawotchiko, ndipo muvi wake suloledwa kupyola mzere wofiira. Zikakanika, chipinda cha opaleshoni chili tsidya la khonde, anthu ake asamba kale m'manja.

Neide anayambanso kulira, koma tsopano kulira kwake kunali kopanda mafupa.

"Popani," anatero Armindo. "Koma ndikhale pomwepo, diso langa pa muviwo."

Anamuveka chovala cholemera ngati thumba la simenti, chotchinga ku cheza cha makina ojambulira m'thupi. M'chipindamo munali kamdima kozizira, makina akung'ung'udza chapansipansi. Anamuuza kuti agwire timanja ta Neide. Sisita Mercy analowetsa kapayipi n'kupanikiza timatako ndi pulasitala, ndipo dokotala anayamba kufinya.

Armindo ankafuna kuyang'ana muvi, koma maso anathawira pa kanema wa pakhoma woonetsa m'mimba mwa mwanayo. Ndipo anadabwa, pakuti malowo ankawadziwa. Munali mumgodi. Njira yokhota, yokwera n'kudutsa n'kutsika, yamdima, ndipo mpweya unkayenda m'menemo woyera ngati nyali ya pachipewa. Tulo timene anatibweza m'mawa tija tinamupeza pomwepo ali chiimire. Anadziona akuyenda m'njiramo mopanda kulemera, gambutsi zosagunda pansi. Makoma anali ofewa ndi ofunda, akupuma. Kutali kunkamveka madzi akudontha, ndiponso mbuzi za kwawo ku Angonia, zimene zinalibe chifukwa chopezekera kumeneko.

Pakona nyali ija inaima. Panali ngolo yodzaza miyala itatseka njira.

"Ndi chimenecho," anamva mawu a Sisita Mercy akuchokera kumwamba, ngati a munthu wolankhulira m'chitsime.

Ngolo inasuntha pang'ono, n'kukana. Muvi unali pafupi ndi mzere wofiira. Dokotala anatsegula kapampu, mpweya unatuluka, nyali inazilala.

"Yakana?" anafunsa Armindo.

"Ikupuma. Nanunso mukakankha simupuma?"

Atayambanso, Armindo anaona kuti m'njiramo sali yekha. Goodwell anali atatsamira ngolo ija, ovolosi yake yoyera bwino ngati sanagwirepo ntchito, phazi likuvina lokha.

"Amwene, mwabwera kudzaonerera?" anatero Goodwell. "Ikani phewa."

Anaika phewa. Sanakankhe mwamphamvu, pakuti kamphepo kanali kumbuyo kwawo, kofatsa ngati ka m'mawa pa mtsinje. Ngolo inayenda. Inabwerera chambuyo, kukhota, kucheperachepera, mpaka inafika pa kachitseko kakang'ono n'kudodoma. Kenaka inangoti phwa, osaonekanso, ndipo kuwala kunathamangira m'tinjira tambirimbiri nthawi imodzi, ngati magetsi a ku Cashan, dera la anthu olemera, akamayaka madzulo, nyumba ndi nyumba, mpaka kuphiri. Atacheuka, Goodwell anali akupita, akuvinabe.

"Achimwene, musiyeni mwana manja, mum'thyola. Zatheka."

Dokotala anawauza kuti agone konko, chifukwa nthawi zina thumbo lotere limakumbuka chizolowezi chake n'kubwereza. Masana dzuwa linalowa pawindo la wodi n'kugona pa bulangeti. Neide anadzuka, anayang'ana denga, anayang'ana mayi ake, nafuna bere mwaukali ngati wina anam'bera. Anamuyamba ndi timadzi, ndipo sitinabwerere.

Armindo anali pampando wachitsulo, mutu pakhoma, pakamwa pali yasa. Ndiye kuchokera m'kabedi munamveka phokoso lalitali, lokhala ndi mavesi ake, loti munthu wamkulu angalikane pamaso pa apongozi. Mayi wa bedi loyandikana anachita kudzuka kuti aone.

Armindo anatsegula diso limodzi.

"Si ine, mayi a Neide."

"Ndikudziwa. Koma magazi ndi anu."

"Muuzeni apitirize. Asasiyemo ngakhale pang'ono, mpweyawo ndi wa boma."

Neide anamvera bambo ake. Armindo anatseka diso lija, nagona tulo take tonse.