Menyani Katatu ndi Hamala Musanalipire

Mwini koleji ya pamwamba pa sitolo ya matayala ndi mbava. Ndanena, ndipo sindibweza. Anaba zaka ziwiri za mwana wa mayi wamasiye, anaba atavala taye, dzuwa likuswa mtengo. Amene anamutsegulira khomo ndi alamu ake a mayiyo. Koma nayenso mayiyo sindimusiya. Pakamwa anali napo, n'kupatseka.

Nkhani yake nayi.

Mwamuna wa mayiyu anali wowotcherera zitsulo. Shedi yake inali kuseri kwa nyumba: malata asanu ndi limodzi, tebulo lachitsulo, ndi makina owotcherera amene ankalira ngati njuchi zaputidwa. Ankapanga mageti, mafelemu a mawindo ndi mabedi. Anali ndi khalidwe lina limene makasitomala ankamuseka nalo. Akamaliza ntchito, asanalandire malipiro, ankatenga hamala n'kumenya katatu polumikizira paliponse, mwini katundu akuona.

"Aaa, bambo, muphwanya geti langa!"

"Likaphwanyika pano, laphwanyika langa. Likakaphwanyika kwanu, laphwanyika lanu. Sankhani."

Mwana anali mmodzi yekha, wamkazi. Ali wamng'ono ankathamangitsa mbaliwali za moto zothetheka pazitsulo, ndiye bambo ake anamutcha Mbaliwali, dzina n'kumukakamira. Pofika kusekondale, akaweruka ankavala chigoba cha galasi lakuda n'kumalumikiza zitsulo zotsalira. Bambo ake ankamenya katatu n'kutembenuka kuti mwana asaone kuti akumwetulira.

Chifuwa chinamutenga bamboyo chaka chimene Mbaliwali analemba mayeso omaliza. Mwana anakhoza, koma osati kufika posankhidwa ku yunivesite ya boma.

Patapita miyezi iwiri kunabwera alamu, akulu ake a malemuyo. Iwowa ndi alonda a pageti la ofesi ina yaikulu, geti limene anawotcherera ndi mng'ono wawo yemweyo.

"Mlamu, mwanayu apite kukoleji," anatero. "Ine ndatha zaka makumi awiri ndikutsegulira geti anthu a mataye. Palibe ndi mmodzi yemwe wa zipsera m'manja. Mng'ono wanga wafa ndi utsi wa zitsulo. Mukufuna mwana naye atsatire?"

Mawu amenewo anamulasa make Mbaliwali pachilonda penipeni.

"Nanga ndalama zake, alamu?"

"Makina aja angokhala. Achita dzimbiri."

"Sachita dzimbiri, bambo aakulu," anatero Mbaliwali ali pakhomo. "Ine ndimatha kuwagwiritsa ntchito. Maoda a mawindo akubwerabe."

"Iwe khala chete. Mkazi ndi moto wa zitsulo? Adzakukwatira ndani maso ali psuu ngati wadya tsabola?"

Koleji anaipeza ndi alamu omwewo, ataona chikwangwani chake popita kuntchito. Alamu, mayi ndi mwana anakwera masitepe, fungo la matayala likuwaperekeza. Pamwamba panali zipinda ziwiri. Makompyuta analipo khumi ndi awiri, koma oyaka anali asanu. Pakhoma ponse panali zithunzi za anyamata ndi atsikana ovala mikanjo yakuda, akuseka.

Make Mbaliwali anali ndi mafunso. Ankafuna kufunsa kuti ana a pazithunziwa ali kuti lero. Ankafuna kufunsa chifukwa chake makompyuta enawo anali ozima. Koma mwini koleji anayamba kulankhula Chingerezi chothamanga, alamu akugwedeza mutu ngati akumva. Mayiyo sukulu anailekezera ku pulayimale. Anayang'ana manja ake ong'aluka ndi sopo, poti ntchito yake ndi kuchapa zovala m'makomo mwa anthu, ndipo anawabisa m'nsalu. Mafunso anawameza. Anasaina.

Makina anawanyamula amuna anayi. Pamene anakhala panatsala chizindikiro chakuda pasimenti. Mbaliwali sanalire. Anatenga chigoba ndi hamala n'kukazibisa pansi pa bedi.

Zaka ziwiri mayi uja anachapa mabulangete a anthu mpaka msana kukana kuwongoka. Ndalama za makina zinatha chaka choyamba chisanathe. Mwini koleji sankatopa: lero za mayeso, mawa za chitupa, mkuja za mkanjo. Tsiku lomaliza anabwereka holo, ana anavala mikanjo, alamu anajambulitsa atakolowekanso taye yobwereka. Chithunzi chinapachikidwa pabalaza.

Kenako Mbaliwali anayamba kuyenda ndi envulopu. Anayenda miyezi isanu ndi itatu, nsapato mpaka kubooka. Kwina ankamuuza kuti adikire foni. Kwina sankamulola n'kulowa komwe. Pomaliza mayi wina wolemba anthu ntchito anamumvera chisoni. Anatsegula mndandanda wa makoleji ovomerezeka, anatsitsa chala mpaka pansi, anakwezanso.

"Mwanawe, koleji yakoyi mulibe muno. Boma silikuidziwa. Pepala lakoli sungalembedwe nalo ntchito kulikonse."

M'mawa mwake mayi ndi mwana anakwera masitepe aja. Anapeza m'zipinda zija akugulitsamo matilesi. Pamene panali chikwangwani panatsala mabowo anayi a misomali.

"Anasamuka kalekale," anatero wogulitsa matilesi. "Inu ndi a nambala seveni kudzafunsa sabata ino."

Kuyambira tsiku limenelo Mbaliwali anasiya kulankhula. Anatembenuza chithunzi chija kuti chiyang'ane kukhoma, nayenso n'kukagona choyang'ana kukhoma. Chakudya chinkazizira pambali pake. Anzake akabwera ankati auzeni kulibe. Alamu nawo anasintha njira, osadutsanso mumsewu umenewo. Make Mbaliwali popita kochapa ankabwerera panjira kawiri kudzasuzumira pawindo, kuti aone ngati bulangete likuyendabe ndi mpweya. Mwamuna anamuika m'manda. Tsopano ankaona mwana akuzima maso ake ali penye.

Pafupi ndi nyumba yawo pali bambo wina wachikulire wokonza mafiriji. Aliyense amangoti a Mafiriji. Tsiku lina make Mbaliwali anakawasiyira maovolosi awo atachapa, ndipo atangofunsidwa kuti mwana ali bwanji, zonse zinakhuthuka. Anatukwana mwini koleji. Anatukwana alamu. Anatukwana ngakhale malemu, chifukwa chofa n'kumusiya yekha ndi anthu a Chingerezi.

A Mafiriji anamusiya mpaka atatha. Kenako anapukuta manja pachiguduli.

"Mayi, ndikufunseni. Malemu amuna anu geti la munthu ankalimenya katatu. Inu koleji ija munaimenya kangati?"

Mayi uja anafuna kukwiya, koma mkwiyo unasowa pogwira.

"Sindikukunyozani. Safunsa anadya phula, ndipo tonse tinalidyapo. Koleji si yoipa. Wanga wamkulu anapita ku yeniyeni, pa thandizo la boma, lero akudya bwino. Koma sukulu iliyonse, kaya ya mabuku kaya ya ntchito zamanja, imenyeni katatu. Koyamba, akuonetseni chikalata choti boma linaivomereza, ndipo inu mukatsimikize nokha ku ofesi ya maphunziro. Kachiwiri, akuonetseni amene anamaliza chaka chatha, anthu ake osati zithunzi. Kachitatu, funsani thandizo limene lilipo kwa ana osowa. Sukulu yeniyeni siikwiya ndi mafunso."

"Nanga Chingerezi chija?"

"Funsani m'chilankhulo chanu. Wofuna ndalama zanu amve chanu. Akakana, tsikani masitepe."

Anamuuzanso za sukulu ya boma ya ntchito zamanja, kuseri kwa depoti ya mabasi. Make Mbaliwali anali atadutsapo kambirimbiri ndi mtolo wa zochapa pamutu, akuganiza kuti ndi galaja.

Anapita yekha m'mawa mwake. Ulendo uno manja sanawabise. Anawaika patebulo la mayi wa muofesi, ong'aluka choncho.

"Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndiye mundiyankhe pang'onopang'ono. Chikalata chanu cha boma chili kuti?"

Mayi wa muofesi analoza pakhoma, n'kumulemberanso kumene angakatsimikize.

"Amene anamaliza chaka chatha ali kuti?"

"Awiri akuwotcherera mabodi a malole kuseri kwa depotiku. Pitani mukawafunse, musamvere ine."

"Nanga mwana wamasiye amene mayi ake amachapa mabulangete?"

"Malo a thandizo alipo, ngakhale ndi ochepa. Abwere ndi zotsatira za sekondale ndi kalata ya imfa ya bambo ake. Ngati amadziwa kale ntchito, Lolemba adzaonetse manja ake."

Make Mbaliwali anakatsimikiza zonse tsiku lomwelo, wapansi. Atafika kunyumba anagwada, anakoka chigoba ndi hamala pansi pa bedi, n'kuziika pafupi ndi mutu wa mwana wake.

"Dzuka, iwe."

Mayi anapitiriza ali chogwada.

"Ndinakulakwira. Unanena kuti umatha, ine ndinamvera taye. Mafunso ndinali nawo, ndinawameza chifukwa cha manyazi. Makina a bambo ako ndinagulitsa ndine, ndi dzanja ili. Unditukwane ngati ukufuna, koma unditukwane utakhala tsonga."

Bulangete linayamba kugwedezeka. Mbaliwali analira kulira kumene sanalire tsiku la makina lija.

"Amayi, manja anaiwala."

"Manja saiwala. Tinaiwala ndife."

Lolemba mphunzitsi wa zowotcherera anamupatsa zitsulo ziwiri. Mbaliwali anakana chigoba cha sukulu, anavala cha bambo ake, chomangidwa ndi waya pamene lamba anaduka. Atangoyamba, waya wowotcherera anakakamira pachitsulo, moto n'kuzima. Anyamata amene ankadikira anaseka.

"Asisi, kukhitchini ndi uko!"

Make Mbaliwali, amene anaima pakhomo, anawayang'ana kamodzi kokha, kuseka n'kuthera pomwepo.

Mwana anayambanso. Makina analira, mbaliwali zinathetheka, dzanja linakhazikika. Atamaliza, mphunzitsi anatambasula dzanja kuti atenge chitsulo.

"Dikirani kaye, aphunzitsi."

Anatulutsa hamala m'chikwama. Kho! Kho! Kho! Chitsulo sichinasunthe.

"Anakuphunzitsa zimenezi ndani?"

"Bambo anga."

"Akugwira kuti?"

Mbaliwali anatsitsanso chigoba kumaso. Mphunzitsi anamvetsa. Analemba dzina lake pamalo a thandizo.

Zaka ziwiri zina zinapita. Lero Mbaliwali ali ndi pepala lenileni, ndipo analembedwa ntchito pa kampani yopanga mageti ndi matanki. Mayi ake anasiya mabulangete. Makina a malemu sanabwerere. Chizindikiro chakuda chikadalipo pasimenti, ndipo mayi uja amachilambalala posesa.

Mwezi watha geti la ofesi yaikulu ija linagundidwa ndi lole. Kampani inatumiza Mbaliwali. Amene anamutsegulira ndi bambo ake aakulu. Sanapatsane moni wautali. Iwo anaima chapatali ndi ndodo yawo m'khwapa, akuona mwana wa mng'ono wawo akulumikiza pamene anawotcherera mng'ono wawo. Atazimitsa makina, iwo anawerama, anatola hamala ija, n'kumupatsa ndi manja awiri.

"Menya, mwana wanga. Monga ankachitira uja."

Anamenya katatu. Anthu a mataye anadikira m'magalimoto awo mpaka anamaliza.

Tsono mverani, makolo anzanga. Musagulitse chida chimene chikudyetsa banja chifukwa cha chikwangwani. Ntchito yamanja ndi sukulu, si chilango cha olephera. Koleji yeniyeni ndi yabwino, ndipo ili ndi njira zothandizira osowa, koma muyenera kufunsa. Mwana akakuuzani chimene manja ake amatha, mumvereni. Ndipo musanalipire kulikonse, menyani katatu.

Mbava ija ikadali kunja. Kwinakwake yabwereka zipinda ziwiri, yapachika zithunzi zomwe zija, ikudikira mayi wina wa manja ong'aluka kuti awabise m'nsalu. Inu amene mukuwerenga, muli ndi mwana amene wangolemba mayeso. Mwaona kale chikwangwani, mwaloza kale chogulitsa. Musandiyang'ane kumbali. Sukulu imeneyo mwaimenya kangati? Ndiyankheni.