Mtima wa Amayi Asanauwotche

Hye-ran anali atanyamula thireyi ya msuzi pamene anaona Dokotala Pyo akuvula nsapato pakhomo la chipinda cha maliro, kunsi kwa chipatala chomwecho cha ku Daegu chimene amayi ake anafera. Uyu ndi amene anang'amba chifuwa cha amayi n'kuika mumtima kachitseko kamtundu watsopano, kamene kanali kadakali pa kafukufuku. Amayi sanatsitsimuke.

Dokotalayo anaika duwa loyera patsogolo pa chithunzi cha malemuwo, n'kugwada kawiri mpaka mphumi kugunda pansi. Kenako anatembenukira kwa bambo a Hye-ran, amene anangokhala duu pakona kuyambira dzulo lake.

"Bambo Bang, pepani kwambiri. Ndabwera ndi pempho lovuta. Thupi lisanawotchedwe mawa, tiloleni tiuonenso mtimawo, tidziwe chimene chinalakwika."

Hye-ran anagwetsera thireyi patebulo, msuzi wofiira n'kukhavukira pa mikono ya anthu olira.

"Mwati chiyani? Kuwang'ambanso? Koyamba kaja simunakhute?"

"Achemwali, anthu akumva," ananong'ona mlongo wake wamng'ono, Tae-sik, akumugwira mkono.

"Amve! Ndipo iwe usandikhudze. Si iwe unawalowetsa m'kafukufukuyu ine ndili kuntchito ku Busan? Unawapereka ngati khoswe woyeserapo mankhwala!"

"Anafuna okha! Inu munali kuti pamene ankalephera kukwera masitepe a kumsika, akupuma ngati mvukuto? Ndinkawabereka ndine!"

"Ndiye wawabereka mpaka m'bokosi. Zikomo."

Dokotala Pyo anali chigwadire.

"Pali odwala ena amene akudikira kachitseko komweka," anatero motsitsa mawu. "Ngati vuto ndi iko, ndiyenera kuimitsa zonse. Ngati ndi manja angawa, ndiyeneranso kudziwa."

"Odwala enawo ndi anu. Amayi anali anga!"

Apo m'pamene bambo anadzuka, akugwira khoma.

"Hye-ran, mwana wanga, kukwiya kwako n'kwanganso." Anapuma kaye. "Koma amayi ako anagulitsa nsomba moyo wawo wonse, ndipo sindinawaone akutaya ngakhale mutu umodzi. Ankatola ndi mamba omwe. Akamva kuti tawotcha mtima umene ukanapulumutsa mwana wa mwini, atitukwana mpaka tiwapeze kumeneko, n'kuyambiranso."

Wina pakati pa amayi a kumsika anaseka, kuseka n'kusanduka kulira.

"Kautengeni, adokotala," anatero bambo. "Koma mukapeza chifukwa, mubwere kwathu mudzatiuze pamaso, ngakhale wolakwa atakhala inu."

"Ndidzabwera, bambo."

Hye-ran sanamukhululukire dokotalayo, ndipo sankadziwa ngati adzatero. Dokotalayo atadzuka kulunjika ku nsapato zake, iye anaona milomo yake yong'aluka ndi maso olowa m'kati.

"Mukupita kuti?" anakalipa. Mawuwo anatuluka ndi ukali wa amayi ake pabenchi ya nsomba, moti Tae-sik anacheuka kuyang'ana chithunzi chija.

Hye-ran anatenga mbale yaikulu, anaidzaza msuzi, anavuula mumphika kufunafuna nyama, n'kuikankhira patebulo mwaukali pamodzi ndi mpunga.

"Khalani pansi. Munthu wanjala sagwira mpeni pa thupi la amayi anga."

Ndipo anaima pomwepo, manja m'chiuno, mpaka mbaleyo itayera.