Matayala Opaka Polishi

"Ndikadzaionanso galimoto iyi pamsewu ndi matayala amenewa, idzagona kupolisi," anatero Sajeni Macloud Kachingwe, wapolisi wa pamsewu, atanjuta pambali pa bokosibode ya Sumani polowera m'tauni ya Mangochi. Anasisita tayala la kutsogolo ndi chikhato. "Taonani nokha, bambo. Lasalala ngati mbale. Mizere yake ili kuti?"

Sumani anawerama n'kudzionera yekha. Matayala onse anayi anali atathadi.

Munali mu Okutobala, chaka cha 1988. Galimotoyo inali ya anthu awiri, Sumani ndi mlongo wake wamkulu, Mwanamvua. Anaigula yakale bambo awo atamwalira, atagulitsa bwato ndi makoka amene malemuwo anasiya. Ankanyamulira chambo kuchokera ku Nkhudzi kupita ku Limbe, ndipo mabanja awiri onse ankadyera pomwepo. Koma masiku amenewo nkhondo ya ku Mozambique inali itatseka njira za katundu, ndiye matayala ankasowa, ndipo akapezeka mtengo wake unali woopsa. Ndalama imene awiriwo anasunga inkangokwanira matayala awiri atsopano.

M'mawa mwake Mwanamvua anamasula ndalamayo pansonga ya chitenje n'kuipereka kwa mlongo wake.

"Ukagule awiri atsopano kusitolo," anatero. "Enawo tikambirana ukabwera. Wamva, Sumani?"

"Ndamva, achemwali."

Koma Sumani kusitoloko sanafike. Akudutsa kuseri kwa msika wa Mangochi, anamva munthu akumuitana. Anali Wadi, mwini kashedi kogulitsira matayala akale. Matayala ake anali atawasanja panja, akuda bii, akunyezimira padzuwa.

"Che Sumani, asalamu alaikumu! Ndamva kuti apolisi akuvutitsani. Bwerani muone izi. Achokera ku Joni amenewa, angoyenda pang'ono basi. Azungu kumeneko amasintha matayala chaka chilichonse."

"Ine ndikufuna atsopano awiri," anatero Sumani.

"Awiri? Galimoto yanu imayenda ndi miyendo iwiri ngati nkhuku? Sajeni uja akakuimitsaninso, mudzamuuza kuti ayang'ane kutsogolo kokha? Ndalama yomweyo ndikupatsani anayi. Akale anuwo mungondisiyira, ndikupulumutseni kunyamula zinyalala. Ndife Asilamu tokhatokha, ndingakupusitseni ine?"

Sumani anayang'ana mizere. Inali yozama bwino. Anaganiza za sajeni, anaganizanso za m'mene achemwali ake akasangalalire kuona vuto lonse litatha tsiku limodzi. Anapereka ndalama, anyamata a Wadi n'kumangirira matayalawo pomwepo.

Atafika kunyumba, Mwanamvua anazungulira galimoto. Kenako anagwira tayala limodzi, n'kuyang'ana m'manja mwake. M'manjamo munali mutada.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi mmene amakhalira matayala akunja, achemwali."

"Ndinakutuma kusitolo kapena kwa Wadi? Ndalama ija tinaisunga tikudya ndi mchere wokha, iwe n'kukaipereka kuseri kwa msika?"

"Ndapeza anayi m'malo mwa awiri. M'malo mondithokoza mukundikalipira?"

Mwanamvua anapukuta manja pachitenje n'kulowa m'nyumba. Ndalama inali itapita kale, ndipo nsomba zinkadikira.

Sabata yachiwiri isanathe, Sumani ananyamuka ndi chambo chodzadza galimoto. Mkazi wake Alima anakhala kumbuyo pamodzi ndi madengu, popeza ndiye ankagulitsa akafika ku Limbe. Dzuwa linali litakwiya, phula likuchita kufewa. Atayandikira Ulongwe kunamveka phuu! Tayala la kumbuyo kumanzere linaphulika. Galimoto inayamba kuvina pamsewu. Sumani analimbana ndi chiwongolero, koma inatsetsereka n'kukagona cham'mbali m'ngalande.

Iye anatuluka ndi bala pachipumi. Alima anamupeza ali gone pakati pa nsomba, akubuula, mkono wake wamanja utapindika pamalo posapindika. Lole ina yopita ku Mangochi inaima n'kumutengera kuchipatala, kumene anamuika chikhakha. Ayezi anasungunuka, ndipo chambo chimene chinatsala anachigulitsa pamtengo wotaya kwa anthu a m'mbali mwa msewu chisanawole.

Galimoto anaikokera kunyumba mawa lake. Mwanamvua sanamukalipire Sumani. Ankangomudutsa, atanyamula madzi okamusambitsira Alima, ndipo kukhala chete kwakeko kunkamupweteka Sumani kuposa bala la pachipumi.

Tsiku lina masana kunabwera a Ellard Chimphamba kudzazonda wodwala. Iwowa anali a ku Ntcheu, koma anayendetsa malole a boma kwa zaka zambiri ku Monkey Bay, ndipo atapuma ntchito anamanga nyumba pafupi ndi kwa Sumani. Atapereka nthochi kwa Alima, anapempha kuti aone tayala lophulika lija. Sumani analigubuduza n'kuligoneka pansi pa mtengo wa mango. Mwanamvua anabweranso n'kuima chapafupi, manja ali m'chiuno.

A Ellard analowetsa chala mumzere umodzi, kenako anapukusa mutu.

"Munthu amene anakugulitsani ichi ndi chigawenga," anatero. "Tayala ili linatha kalekale. Mizere iyi si ya kufakitale. Aidula ndi chitsulo chotentha. Taonani, pena yazama, pena yapindika. Ndipo onani pansi pamzerewu. Mukuona timaulusi toyerati?"

"Ndikuona," anatero Sumani.

"Ndi ulusi umene umagwira tayala. Ukaonekera, ndiye kuti labala watha, pakati pa inu ndi phula palibenso kanthu. Kudaku ndi polishi wa nsapato, wobisira ming'alu." Anakanda m'mbali mwa tayala ndi chikhadabo, ming'alu yaing'onoing'ono n'kuonekera ngati matope ouma. Kenako analiimika n'kuwauza kuti asuzumire mkati. Munali chigamba chachikulu ngati chikhato cha munthu.

"Subuhanallah!" anafuula Mwanamvua. "Ndiye mlamu wanga ankakhala pamwamba pa chimenechi?"

"Si zokhazo, mayi. Onani manambala ali m'mbalimu. Awa akunena kukula kwa tayala, awa akunena mphamvu yake yonyamulira katundu. Amati pulayi. Ili ndi tayala la galimoto yaing'ono yokwera anthu okhaokha. Ngakhale likanakhala latsopano, silikanatha kusenza madengu anu aja."

Sumani anazyolika. "Ndiye munthu wosauka atani, a Chimphamba? Anayi atsopano sitingawakwanitse."

"Njira ilipo," anayankha a Ellard. "Atsopano awiri mugule kusitolo yodziwika, kumene amapereka risiti. Akhale ofanana mtundu ndi kukula, ndipo muwaike kutsogolo, chifukwa ndiko kuli chiwongolero. A kumbuyo, ku Blantyre kuli fakitale imene imaveka labala watsopano pa matayala akale. Amayamba aliyeza, likakhala lovulala amalikana. Mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi latsopano. Ku boma tinkachita zomwezo ndi malole. Machubu nawo mugule atsopano, musamaumire pamenepo. Akale anu aja ali kuti? Ngati sanaboole m'mbali, angathe kuvekedwa."

Sumani anayang'ana kumbali. "Ndinamusiyira Wadi. Anati ndi zinyalala."

Mwanamvua anavula mpango n'kuumanganso mwamphamvu. "Mawa tikupita kwa Wadi. Inunso a Chimphamba, chonde tiperekezeni."

Anakwera basi ya m'mawa atanyamula tayala lophulikalo. Wadi anawaona akubwera koma sanadzuke pabenchi. Pamalaya pake panali baji ya chipani yopukutidwa bwino.

"Katundu akatuluka pano sabwerera," anatero asanapatsidwe n'komwe moni. "Tayala laphulika chifukwa cha kuyendetsa kwanu. Mwina munaponda msomali."

"Msomali ndi umene unadula mizere iyi?" anafunsa Mwanamvua, akuponya tayala pamapazi pake. "Mlamu wanga wathyoka mkono. Ana ake akudyetsedwa ndi ine. Iwe unatchula chipembedzo pomugulitsa mchimwene wanga imfa. Ulibe manyazi?"

Anthu anayamba kusonkhana. Wadi anadzuka n'kuloza kuchipata cha msika, kumene ayufi ankaona makhadi a chipani.

"Mayi, samalani pakamwa. Ndikawaitana anyamata awo n'kuwauza kuti mukuyambitsa chisokonezo, lero simukagona kwanu."

Sumani anagwira mlongo wake pamkono. "Achemwali, tiyeni tizipita."

Mwanamvua anakutumula mkonowo. Anapisa m'bulauzi n'kutulutsa khadi lake. "Khadi ili, ndinagula ndi ndalama yanga. Aitane! Ndiwauze kuti baji imeneyo ukubisira umbava."

Ali mkati molankhula, maso ake anagwa pa tayala lina limene linali pamwamba pa mulu. Linali lakuda bii, mizere yake yozama, koma m'mbali munkaonekabe kadontho ka penti wobiriwira amene polishi analephera kubisa. Penti ameneyo anadonthera pamenepo tsiku limene iye mwini ankapenta chitseko cha nyumba yake.

"Sumani, taona! Si tayala lathu lija ili? Lija anati ndi zinyalala?"

Sumani analitsitsa n'kulitembenuza. Linali lomwelo, limene sajeni anati lasalala ngati mbale. Tsopano linali ndi mizere, likudikira munthu wina. Mantha ake onse anathera pomwepo.

"Ndiye ili umafuna uphe nalo ndani?" anakuwa. "Wallahi, sindichoka pano mpaka apolisi aone!"

A Ellard anali atapita kale kukaitana apolisi. Posakhalitsa anabwera ndi Sajeni Kachingwe. Sajeniyo anayang'ana tayala lophulika, anayang'ana la penti lija, kenako analowa kuseri kwa shedi. Anatulukako atanyamula mbaula ya makala, chitsulo chopinda kunsonga, ndi zitini za polishi.

"Bambo, ngozi zimene ndimakatola pamsewu wa Liwonde zimayambira kuno eti?" anafunsa. Wadi anayamba kutchula mayina a anthu akuluakulu amene ankati amawadziwa, koma sajeni anamudula. "Mukawatchule kupolisi."

Matayala onse odulidwa anawanyamula. Wadi analamulidwa kubweza ndalama ya Sumani, ndipo mlandu wake unapita kukhoti. Pa matayala anayi akale aja, awiri anali asanawakhudze ndi chitsulo, ndiye anabwezedwa kwa eni ake.

Ulendo uno kusitolo anapita onse awiri. Sumani anawerenga manambala a m'mbali n'kuwayerekeza ndi amene a Ellard anamuuza. Mwanamvua anasuzumira mkati mwa tayala lililonse, anakanda m'mbali ndi chikhadabo, ndipo sanatuluke mpaka risiti itaperekedwa. Akale awiri aja anawatumiza ku Blantyre. Galimoto inakhala pamiyala kwa milungu ingapo kudikira kuti abwere, ndipo panthawiyi Mwanamvua ankagulitsa usipa wouma pa Mangochi pomwepo kuti mabanja asagone ndi njala. Zinali zowawa kuona anzawo akunyamula chambo iwo ali khale, koma panalibe amene anatchulanso za njira yachidule.

Matayala atafika, a Ellard anathandiza kumangirira, n'kuwonjezera malangizo ena.

"Tayala labwino limathanso msanga ngati mwini wake ndi wosasamala. Muziyeza mpweya pomwetsera mafuta m'mawa, matayala asanatenthe. Musamadzadze katundu mpaka galimoto kukhala pansi. Ndipo nthawi ndi nthawi muzilowetsa mutu wa machesi mumzere. Mutuwo ukasiya kubisika, yambani kukonzekera. Musadikire kuti ulusi uonekere, chifukwa pamenepo ngakhale afakitale adzalikana."

Mvula inagwa, msewu unaterera, dzinja linatha, galimoto ikupita ku Limbe ndi kubwerako popanda vuto. Alima anachotsedwa chikhakha n'kubwerera pamsika, ngakhale mkonowo sunathenso kunyamula dengu lolemera ngati kale. Sumani ankamutsitsira yekha madengu, ndipo ankachita zimenezi mosadandaula, podziwa chimene chinachititsa.

Tsiku lina padoko la Nkhudzi, Ibrahimu, mnzake wonyamula nsomba, anamuuza kuti wapeza munthu ku Liwonde wogulitsa matayala anayi pamtengo wa awiri. Sumani anamukokera pamthunzi, n'kumuonetsa m'mene angayang'anire mizere, ming'alu, zigamba ndi manambala.

"Ndalama ikachepa, usathamangire kuchuluka kwa matayala kapena kunyezimira kwake," anamuuza. "Gula ochepa koma abwino, oyenera galimoto yako ndi katundu wako, kwa wogulitsa wopereka risiti. Ngati sizikukwana, imika galimoto udikire. Ukapeza munthu akudula mizere pa matayala akutha, kanene kupolisi, chifukwa amene akawagule wanyamula anthu. Ine ndinafuna kupulumutsa ndalama, ndipo amene analipira ndi mkazi wanga."

Ibrahimu anayang'ana kumene kunali Alima, yemwe ankasanja chambo m'dengu ndi dzanja lamanzere. Ku Liwonde kuja sanapite.