Malo mu Foni ya a Blackson

Foni ya Che Jaffalie nayonso inakana. Tikhala anaipukuta pa chitenje, anadinanso, koma uthenga unali womwewo: pulogalamuyi singalowe mu foni yamtunduwu.

"Yati chiyani?" anafunsa Che Jaffalie, atawerama uku akusisita ndevu.

"Yati foni yanu ndi yakale."

"Yakale? Foni imene ndinapita nayo ku Joni n'kubwera nayo? Mwanawe, foni yako ndi yako, usaione kuchepa mwendo."

Anthu anaseka. Unali m'mawa wa Loweruka pa doko la ku Malindi. Mabwato anali atakocheza kale, amayi akuyanika usipa pa matandala. Tikhala anakhala pa bwato lakale lomwe analivundikira pansi pa mtengo wa mango, mafoni a anthu ali pamiyendo.

Mtsikanayu anaphunzira za makompyuta ku Blantyre. Atamaliza anabwerera kwawo, ndipo iye ndi mnzake Allan anakhala dzinja lonse m'kaofesi kawo ku boma la Mangochi akupanga apu, pulogalamu ya pa foni yothandiza asodzi. Apuyo inkauza munthu tsiku limene mwera uombe, komanso mitengo ya nsomba m'misika ya Mangochi, Limbe ndi Lilongwe. Tikhala ankaidziwa nyanja. Bambo ake, a Blackson, anali msodzi chiyambire unyamata wawo, ndipo iye anakula akuona amayi ake akuimirira pagombe mphepo ikasintha mabwato asanabwere.

Koma m'mawa umenewo apuyo inalowa m'mafoni owerengeka okha. Ena bandulo inawathera pulogalamu ili pakati potsika. Ambiri foni inangowayankha kuti malo atha.

Keti, mayi wogula usipa n'kukagulitsa ku Limbe, anatambasula dzanja. "Nanga yangayi? Ananditumizira ndi achimwene. Ndi ya apulo wolumidwa uja, yodula."

"Ya mtundu umenewo sitinapange, asisi. Imafuna apu yakeyake."

"Yakale ayi, yodula ayi, yodzadza ayi," anatero Keti akuwerenga zala. "Iwe Tikhala, wasoka malaya osamuyeza mwini wake."

"Safunsa anadya phula," anawonjezera Che Jaffalie, koma ataona nkhope ya mtsikanayo anafewa. "Usakhumudwe. Chinthucho n'chabwino. Kungoti chanenepa."

A Blackson anali chapatali pang'ono akusoka ukonde. Foni yawo ndi imene inayamba kukana. Sanaseke. Anangoluma ulusi ndi mano n'kupitiriza kusoka.

Masana kunyumba Tikhala anakhala pakhonde akusenda chinangwa chomwe sankafuna n'kudya komwe. Bambo ake anapita kuseri kwa nyumba ndi foni yawo, nakhalitsako. Pobwera anaima patsogolo pake n'kumupatsa.

"Tayesanso apa."

"Ababa, ikananso. Malo mulibe."

"Tangoyesa."

Anayesa. Kamzere kanayenda pang'onopang'ono mpaka kumapeto, ndipo chizindikiro cha bwato chinaonekera pa foni ya bambo ake. Tikhala anaimirira ndi chimwemwe, mpeni n'kugwa pansi. Kenako anawayang'ana bambo ake.

"Malo mwawapeza bwanji?"

"Ndasesamo."

Tikhala anatsegula mosungira zithunzi. Amayi ake, a Lusiya, anamwalira chaka cha dzana atadwala kanthawi kochepa. Mu foniyo munatsala mavoisi awo, mauthenga a mawu omwe ankatumizira amuna awo akapita kukapha nsomba kutali cha ku Makanjira. Munalinso kanema mmodzi wamtali. Tikhala yemweyo ndi amene anajambula pa Pasaka, amayi ake akutsogolera kwaya m'tchalitchi, atavala duku yoyera, dzanja lili m'mwamba. Lamulungu lililonse a Blackson akabwera kopemphera ankakhala pa mpando wawo n'kumuonera kanemayo mpaka kumapeto, asanadye.

Tikhala anayendetsa chala m'mwamba, anabwereranso m'munsi. Kanemayo munalibe.

"Ababa, kanema wa amayi ali kuti?"

"Anali wamkulu. Foni yomweyi ndi imene inandionetsa kuti wodya malo ndi ameneyo."

"Bwanji osandifunsa?"

"Ukanakana."

"Inde ndikanakana!"

A Blackson anakhala pansi pambali pake, natola mpeni uja n'kuuika m'beseni. "Ndinaona mmene amakusekera pa doko paja. Mwana wapanga chinthu ndi mutu wake, bambo ake enieni n'kukhala opanda? Amayi ako akanandikalipira. Ikanakananso ndikanachotsa ndi mavoisi omwe."

Tikhala anafufuza paliponse pamene kanema wofufutidwa angabisale, koma sanamupeze. Kanema yemweyo amene iye anali naye anapita ndi foni yomwe anamubera m'minibasi ku Blantyre. Anagwira foni ya bambo ake ndi manja awiri, misozi ikugwera pagalasi.

"Usalire," anatero a Blackson. "Nkhope yake ndikuidziwa. Sinkakhala mu foni."

Lamulungu atabwera kutchalitchi, a Blackson anakhala pa mpando wawo monga mwa masiku onse. Anatulutsa foni m'thumba, anaiyang'ana, kenako anaibwezeramo. Tikhala anawaona kudzera pawindo, ndipo sanatuluke.

Lolemba anakwera matola kupita ku boma. Anapeza Allan akukonza mafunde okongola omwe ankavina apu ikamatseguka.

"Zisiye zimenezo," anatero Tikhala asanakhale n'komwe pansi. "Tiyambirenso."

"Tiyambirenso chiyani?"

"Tipange tsamba la pa intaneti lokwana pa foni. Munthu angodina linki, litseguke. Osatsitsa kanthu, osachotsa kanthu."

Allan anavula magalasi. "Dzinja lonse lija tingolitaya? Ndipo anthu ofuna kutithandiza amafunsa apu, Tikhala. Ukawauza kuti ndi linki chabe amaona ngati masewera."

"Iwowo amapita panyanja?"

"Nanga netiweki ikasowa? Apu yathu imatseguka ngakhale pakati pa nyanja."

"Pamenepo ukunena zoona," anavomera Tikhala. "Koma imatseguka mu foni ya ndani? Chinthu chomwe sichinalowe mu foni sichithandiza munthu, netiweki ikhalepo kapena ayi. Pa doko netiweki ilipo. Munthu aziona asananyamuke, ndipo tingakonze kuti tsambalo lizikumbukira zomwe linaonetsa komaliza. Tsamba limodzi, foni iliyonse: yakale, yodula, yamabatani. Ndiponso tikalakwitsa kanthu tizikonza kuno kamodzi, osati kupempha mudzi wonse kuti ugulenso bandulo."

Allan anapukusa mutu, osakhutira. Pamenepo Tikhala anamuuza za kanema uja. Anafotokoza mwachidule, maso ali pa khoma.

"Mafoni a anthu aja sadzadza ndi zinyalala, Allan. Muli ana awo ali ku Joni, muli maukwati, muli akufa. Ife tinabwera n'kunena kuti tasunthani, tikhalepo."

Allan anayang'ana mafunde ake ovina aja kanthawi, kenako anawatseka. Anakoka mpando wina n'kuuika pafupi ndi wake.

"Khala apa. Tiyambe ndi mphepo kapena mitengo?"

Anachotsa zithunzi zonse, mitundu yambirimbiri ndi chilichonse cholemera. Anasiya mawu akuluakulu osavuta kuwerenga padzuwa. Nthawi ino sanayesere pa mafoni awo okha. Tikhala ankatuluka panja n'kupempha foni kwa aliyense womulola: mayi wogulitsa mandasi, wakabaza, wosoka nsapato. Ikakana pa foni ina, ankabwerera kukachepetsanso. Tsiku lomwe tsambalo linatseguka pa kafoni kamabatani ka mayi wa mandasi, Allan anagula mandasi onse otsala m'beseni.

Pamene Tikhala ankabwerera pa doko la ku Malindi, nyengo ya mwera inali itayamba. Sanatolere foni ya munthu. Anangotumiza linki pa gulu la WhatsApp la pa dokopo n'kukhala pa bwato lakale lija.

Che Jaffalie anadina ndi chala chonunkha nsomba, atatalikitsa foni ndi maso. "Aa! Yatseguka. Yati mawa mwera kuyambira m'mawa." Anaitembenuza foniyo ngati akufuna kuona pomwe chinthucho chalowera. "Ndiye chakhala pati?"

"Sichikhala mu foni mwanu. Chimabwera mukachiitana, mukamaliza chimabwerera."

"Mashallah. Mlendo ndi mame. Ameneyu ndiye mlendo wodziwa ulemu, sadikira kuti ufa uthe."

Ya Keti nayonso inatseguka. Anawerenga, kenako anakweza mawu. "Iii, apa mwanama! Mtengo uwu wa usipa ku Limbe ndi wa sabata yatha. Ndinali konko dzana ine."

Tikhala anaimbira Allan n'kumuuza mtengo womwe Keti ananena. Atadula foni anati, "Tatsegulaninso nonse."

Anatsegula. Mtengo unali utasintha pa foni iliyonse.

"Basi? Osatsitsanso china?" anafunsa Keti.

"Basi."

"Ndiye ndizikuimbira ndikafika ku Limbe. Zabodza ine ayi."

Mawa lake mwera unaombadi, ndipo mabwato ambiri anatsala pamtunda. A Blackson anakhala pakhomo. Tikhala anawapempha foni, anachotsamo apu yakale ija, n'kuwaikira kachizindikiro ka linki pamalo pake. Malo anabwerera ambiri. Bambo ake anayang'ana nambala ya malowo, ndipo Tikhala anadziwa kuti onse awiri akuganiza chimodzi.

Sabata imeneyo anayenda khomo ndi khomo kwa amayi a kwaya, kufunsa ngati wina anasunga kanema wa Pasaka uja. Wina foni inagwera m'madzi, wina anagulitsa, wina sanalandireko n'komwe. Womaliza anali Keti, yemwe ankaimba pafupi ndi a Lusiya kwa zaka zambiri.

"Ndilibe, mng'ono wanga," anatero Keti atamva nkhani yonse. Anamanga ndi kumasula mfundo ya chitenje. "Koma nyimbo ya mu kanema ija anapeka ndi amayi ako, ndipo tinaisiya kuimba chimwalirireni iwo. Palibe amene ankalimba mtima kuiyambitsa. Lamulungu abambo ako asathamangire kunyumba."

Mapemphero atatha, anthu akutuluka, amayi a kwaya anatsala kutsogolo. Tikhala anawagwira mkono bambo ake n'kuwabwezera pa benchi.

"Kwatsala chiyani?" anafunsa a Blackson.

"Tulutsani foni. Malo alipo tsopano. Mukadina pofiirapo izijambula."

Keti anakweza dzanja, nayambitsa. Mawu ake ananjenjemera pa mzere woyamba, kenako anzake anamulandira ndipo nyimbo inadzaza tchalitchi. A Blackson anaimirira, foni ili m'mwamba. Pakati pa nyimbo Tikhala anamva mawu a mwamuna akuimba nawo chapansipansi. Sanatembenuke. Anali asanawamvepo bambo ake akuimba.

Nyimbo itatha, amayi ena ankapukuta m'maso ndi nsonga za duku. A Blackson anatsitsa foni, anaiyang'ana kanthawi, kenako anamuonetsa mwana wawo.

"Ababa," ananong'ona Tikhala, "simunadine."

A Blackson anakanda m'mutu. Anatembenukira kwa amayi aja, nawerama pang'ono mwaulemu.

"Pepani amayi. Ndinatanganidwa ndi kumvera. Mungabwerezeko?"

Keti anaseka misozi ili m'masaya, nakwezanso dzanja. Ulendo uno Tikhala anaika chala chake pa chala cha bambo ake, ndipo anadina limodzi.