Banja la m'sewero

Gulu la zisudzolo linkakumana Loweruka lililonse masana m'chipinda cha kuseri kwa laibulale, momwe munkasungidwa mipando yothyoka ndi mabuku odyedwa ndi chiswe. Panalibe amene ankalipidwa. Analiyambitsa ndi Aphunzitsi, mayi amene anapuma ntchito koma mawu awo sanapume nawo. Cholinga chawo chinali kupititsa masewero kwa anthu amene sangathe kupita kokaonera, monga kuchipatala, kundende, kumsika ndi kunyumba yosungirako okalamba.

Sewero limene anthu ankalikonda kwambiri linali la mwamuna ndi mkazi okanganirana zenera. Mwamuna ankalifuna lotsegula, mkazi lotseka. Mkazi m'seweromo anali a Telala, mayi wa ana atatu, amene kunyumba kwawo anali ofatsa moti amuna awo, a Dalaivala oyendetsa basi, nthawi zina ankachita kusuzumira kuchipinda kuti aone ngati alipo. Mwamuna anali a Kalipentala, amenenso anali ndi banja lawolawo. Kunja kwa sewero awiriwa ankangopatsana moni basi. Mkangano ukafika pachimake, Aphunzitsi ankawomba m'manja kuimitsa sewero, n'kufunsa oonera kuti banjali lithandizidwe bwanji. Anthu ankapereka maganizo awo, ochita sewero n'kuwayesa pomwepo, kenako aliyense n'kumapita kwawo.

Lachitatu lina anakachita seweroli kunyumba ya okalamba, m'chipinda chodyera, matebulo atawakankhira kukhoma. Aphunzitsi atawomba m'manja, panaimirira bambo wina wamtali wovala jekete pamwamba pa zovala zogonera. Anali a Jaji, amene anaweruzapo milandu kwa zaka makumi atatu. Anafunsa a Kalipentala kuti zenerali anayamba liti kulitsegula. Anafunsa a Telala ngati anali ndi mboni. Belu la mankhwala litalira, ananena kuti mlanduwo akuuimitsa kaye mpaka Lachitatu lotsatira. A m'gululo anaseka, n'kunyamula zenera lawo lamakatoni kumapita.

Lolemba kulaibulale kunafika masamoni olembedwa pamanja kuseri kwa ndandanda ya zakudya. Aphunzitsi anapita okha kukafotokoza kuti zonsezo zinali sewero chabe.

"Ndikudziwa, mayi," anatero a Jaji. "Pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito, palibe mwamuna ndi mmodzi yemwe amene sananene kuti amangosewera."

A Nesi oyang'anira nyumbayo anawaperekeza Aphunzitsi mpaka pageti, ndipo kumeneko anawachonderera kuti asakane. Anati chichitikireni sewerolo, agogo aamuna ayambanso kumeta ndevu. Mayi wina amene anatha chaka osatsegula pakamwa analankhula, ngakhale kuti anangonena kuti mwamuna uja ndi galu. Ndipo mankhwala onse ankamwa osakakamizidwa, poopa kumwalira chigamulo chisanaperekedwe. Aphunzitsi anaganiza za cholinga cha gulu lawo, n'kuona kuti palibe sewero lawo linafikapo patali chonchi. Anavomera.

Kuyambira pamenepo, Lachitatu lililonse a Telala ankatseka shopu yawo masana, a Kalipentala n'kusiya matabwa padzuwa, onse kupita kukhoti. Zenera lija linalandidwa ngati umboni, ndipo linatsekeredwa m'kabati ya mankhwala. Okalambawo anagawanika pawiri. A zenera lotsegula ankadyera patebulo lawolawo, ndipo mchere sankabwerekana ndi a zenera lotseka.

Sabata yachiwiri mawu onse a m'sewero anali atatha, koma mafunso a a Jaji anali asanathe. Atafunsidwa kuti amuna awo amachitanso zotani, a Telala ananena zimene ankazidziwa. Anati amadya ataimirira. Masokosi amawasiya pamwamba pa wailesi. Akafika pakhomo sagogoda, amangoliza hutala pageti ngati akuitana apaulendo. A Kalipentala anavomera zonsezo ataweramitsa mutu, ngakhale kuti analibe ndi njinga yomwe.

Nkhaniyi inatuluka ndi achibale obwera kudzaona okalamba, ndipo sipanatenge nthawi kuti ikwere basi. A Dalaivala ali pachiwongolero anamva amayi awiri kumbuyo kwawo akukambirana za telala wina womvetsa chisoni amene amuna ake amaliza hutala pageti. Mmodzi anati mwamunayo akanakhala wake, hutalayo akanaimeza. A Dalaivala anapitirira siteji ziwiri osaima.

Lachitatu lachinayi anapempha tchuthi, n'kupita okha atavala yunifolomu yosita bwino kuti akathetse zimenezi. Anaimirira pakati pa chipinda chodyera, n'kunena momveka kuti mayiyo ndi wawo, akhala naye zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ali naye ana atatu.

A Jaji anatembenukira kwa a Kalipentala n'kuwafunsa ngati zimenezi ankazidziwa. A Kalipentala, munthu wosadziwa kunama pa zinthu zenizeni, anayankha kuti ankazidziwa kuyambira kalekale ndipo analibe nazo vuto, anawo ndi okongola. Gogo wina anapempha madzi. A Jaji analamula kuti zilembedwe kuti chibwenzi chadziulula chokha pamaso pa khoti.

A Dalaivala anatulutsa satifiketi ya ukwati m'thumba la malaya. A Jaji anaiyang'ana nthawi yaitali ataigwira chozondoka, pakuti magalasi awo anali atasowa, kenako anaibweza. Anati pepala aliyense akhoza kulemba, koma mkangano wa zenera anauona ndi maso awo, ndipo anthu osakwatirana sakangana mwa mtundu umenewo.

Pobwerera, a Dalaivala ndi a Telala anayenda wapansi mpaka anadutsa positi ofesi. Kenako a Dalaivala anafunsa chifukwa chimene za hutalazo sanawauzepo zaka zonsezi.

"Simunandifunsepo," anatero a Telala. "A Jaji ndi amene anandifunsa."

Aphunzitsi ataona kuti zinthu zikulowa m'nyumba za anthu, anakonza zoti mlanduwo uthe mwamtendere. Lachitatu lotsatira a Telala ndi a Kalipentala anagwirana manja, n'kulengeza kuti agwirizana kuti zenera lizikhala lotsegula theka. Okalamba onse, a mbali ziwiri zonse, anakana. Anati chimenecho ndi chikondi chapamaso, ndipo mayi amene anatha chaka osalankhula uja ananena kuti tsopano ndiye akuchita sewero.

Chigamulo chinaperekedwa sabata yachisanu ndi chiwiri. A Jaji anavala tayi, n'kumenya patebulo ndi supuni. Banja la a Kalipentala ndi a Telala linathetsedwa. Zenera linapita kwa mkazi. Mwamuna anapatsidwa khoma, lomwe linali nsalu yopentedwa njerwa. Ndipo a Dalaivala, popeza anapasula banja la eni ake komanso panali ana atatu osalakwa, analamulidwa kukwatira mayiyo mwezi usanathe.

A Dalaivala anafuna kuchita apilo, koma kunalibe kokachita. A Nesi anawanong'oneza kuti okalamba ayamba kale kuphunzira nyimbo, ndipo awiri amene ankayendera njinga za olumala akuyeserera kuimirira kuti adzavine. A Dalaivala anapukusa mutu, n'kufunsa kuti abwere nthawi yanji.

Ukwatiwo unachitika Lachitatu masana m'chipinda chodyera chomwecho. A Telala anadzisokera diresi loyera. Ana awo atatu anakhala kutsogolo, wamkulu atabisa nkhope m'manja. Mphete inali yomwe ija ya zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, imene m'mawa anachita kuivula ndi sopo. Koma nthawi yoiveka itakwana, a Dalaivala analira ngati mwana, zomwe sanachite pa ukwati wawo woyamba. A Telala anawapukuta misozi ndi nsonga ya velo, n'kuwauza chapansipansi kuti aimirire bwino, anthu akuwaona.

A Kalipentala anawakhazika kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, monga mwamuna wosiyidwa. Tsikuli anabwera ndi akazi awo enieni, amene anali asanapondepo kunyumbako ndipo palibe ankawadziwa. Agogo a zenera lotsegula ankabwera mmodzimmodzi kudzawasisita paphewa bamboyo, kumawauza kuti alimbe mtima, akazi padziko pano ndi ambiri, ndipo keke anawapatsa yaikulu kuposa ya aliyense.

Gogo wina anaima nthawi yaitali akuyang'anitsitsa mayi amene anakhala pambali pa a Kalipentala. Kenako anapita kukawanong'oneza a Jaji kuti mayi uyo akuoneka wakhalidwe, ndipo waona ndi maso ake akumuchotsa bamboyo nyenyeswa za keke pamalaya. A Jaji anabwera ndi ndodo yawo, n'kuwafunsa mayiwo ngati angalole kumutenga munthu ameneyu, poganizira zonse zimene zinamveka m'khoti zokhudza masokosi ndi kudya ataimirira.

A Kalipentala anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma akazi awo anawaponda phazi. Anawayang'ana amuna awowo kuyambira kumutu mpaka kunsapato, osafulumira, n'kuwauza a Jaji kuti awapatse masabata awiri akaganize kaye.