Basi Yonyamuka Yosadzaza

Tiwo anatsegula kompyuta yake pamwamba pa dilamu, pa siteshoni ya minibasi ku Kanyama, madalaivala atamuzungulira ngati akuonera mpira. Mtsikanayu anaphunzira masamu kuyunivesite, ndipo anatha chaka akuwerengera kayendedwe ka mabasi opita m'tauni: pomwe anthu amakwerera, pomwe mabasi amathinana, dizilo wopsa pachabe basi ili chiimire. Zonsezi anaziika pa mapu a m'kompyutamo, basi iliyonse ili momwemo, misewu yothinana ikuoneka ndi mizere yofiira.

"Vuto ni kulindila kuti basi izule," anatero Tiwo, kutanthauza kudikira kuti idzaze. "Banthu bamalema, bayamba kuyenda pansi. Mukazinyamuka pa nthawi, olo mipando ikhaleko, bazabwelela. Koma muchite monse pamozi. Mumozi yeka sivingasebenze."

Ba Chalwe, wapampando wa siteshoni, anaseka mpaka kutsokomola. "Ba Dyton, mwana wanu afuna tizinyamula mphepo." Kenako anapukuta m'maso nati kwa Tiwo, "Chabwino mayo, tizayamba pa Mande."

Onse anagwedeza mitu. Kugwedeza komwe kuja kwa ulemu, poti mwana wa mnzako sumukanira pamaso pa bambo ake. Amene anavomera ndi mtima wonse anali Ba Dyton okha, bambo ake a Tiwo, omwe anakalambira pa chiwongolero cha basi ya eni.

Lolemba m'mawa Ba Dyton analiza injini mipando yambiri ili pululu. Tiwo, atakhala kutsogolo, anacheuka. Palibe anawatsatira. Anzawo aja anangosendera pamzere, kutenga malo awo, n'kumadzaza monga mwa masiku onse. M'njira namo anthu anali atapita kale wapansi.

Lachitatu Tiwo anachita mantha zedi.

"Atate, lekani. Masamu yakamba kuti mumozi yeka amagwa."

"Manje nikaleka ine, azakumvela ni ndani?" anayankha Ba Dyton, osamuyang'ana n'komwe.

Anapitiriza mdalayo, liuma lake lomwe lija. Loweruka mwini basi, Ba Musonda, anaiona ikudutsa pamsika muli anthu owerengeka. Sanakalipe. Anangofika pa siteshoni, kutambasula dzanja, kulandira makiyi kwa Ba Dyton, n'kuwapereka kwa dalaivala wina pomwepo anthu akuona. Ba Chalwe anayang'ana kumbali.

Kuyambira pamenepo Ba Dyton ankangokhala pakhonde, kumvetsera mahutala a kumsewu. Pa msinkhu wawo panalibe wowapatsanso basi. Tiwo zinkamuwawa kwambiri, chifukwa ankadziwa kuti masamu ake sanalakwe, ndipo kusalakwako sikunathandize aliyense.

Tsiku lina masana bambo ake anamupeza ali pa kompyuta.

"Nichoseleko basi yanga mu vinthu vako ivo," anatero. "Nifuna nione mwamene tauni iyendela popanda ine."

Tiwo anazengereza, koma anaichotsa. Anadikira limodzi makinawo akuwerengera. Mizere yofiira ya misewu yothinana inabweranso chimodzimodzi, osasintha ngakhale pang'ono.

Ba Dyton anayang'anitsitsa kwa kanthawi.

"Yasiliza?" anafunsa.

"Yasiliza, atate."

Anagwedeza mutu, nabwerera pakhonde.